Kodi patenti imatsimikizira kuti mankhwala othira mu petulo ndi abwino?

Bambo wina wokonza galimoto ku Ndirande wandilembera imelo kufunsa ngati mawu akuti "patented", amene amawaona pa mabotolo a mankhwala othira mu petulo m'masitolo a ku Limbe, akusonyeza kuti mankhwalawo anayesedwa ndipo ndi osavulaza.

Ayi, bambo. Patenti ndi chiphaso chimene boma limapereka kwa wotulukira chinthu chatsopano kuti ena asachipange kapena kuchigulitsa popanda chilolezo chake kwa zaka zingapo, ndipo anthu akamakokerana kukhoti pa chiphasochi, chimene amalimbirana ndi ndalama basi.

Mbiri ya mtovu ikuonetsa zimenezi poyera. Mu 1921 a Thomas Midgley, omwe ankagwira ntchito ku kampani yopanga galimoto ya General Motors ku America, anapeza kuti mankhwala a mtovu otchedwa tetraethyl lead amathetsa kugogoda kwa injini, koma kampani ya mafuta ya Standard Oil of New Jersey inali ndi patenti ya njira yotsika mtengo yowapangira. Makampani awiriwa anagwirizana mu 1924 n'kukhazikitsa Ethyl Gasoline Corporation, ndipo chaka chomwecho anthu 5 ogwira ntchito pa fakitale ya Standard Oil ku Bayway, m'chigawo cha New Jersey, anamwalira ndi poizoni wa mtovuwo. Malonda sanathere pomwepo. Mlandu umene unafika kukhoti lalikulu la America mu 1940 sunali wa imfa kapena matenda ayi, unali wakuti Ethyl inkagwiritsa ntchito ziphaso zake pofinya ogulitsa mafuta kuti mitengo isatsike, ndipo khotilo linagamula kuti kutero kunali kuphwanya lamulo. Mtovu unapitirirabe kuthiridwa mu petulo kufikira 2006 m'maiko a kuno kwathu, ndipo pa dziko lonse lapansi Algeria ndiyo inatsiriza kuusiya mu 2021.

Mankhwala a manganese otchedwa MMT, amenenso Ethyl inatulukira, anabweretsa mkangano wina pamene dziko la Canada linaletsa kuwalowetsa mu 1997. Kampaniyo inasuma, ndipo mu 1998 Canada inachotsa chiletsocho n'kulipira madola 13 miliyoni a ku America, ngakhale opanga galimoto ankadandaula kuti manganese amasiya zinyalala pa mapulagi ndi m'chipangizo chochepetsa utsi woipa chotchedwa catalytic converter.

Choncho musanathire chilichonse m'thanki ya kasitomala, werengani ngati botololo latchula mtovu, manganese kapena ayironi, ndipo za muyezo wake mukafunse ku Malawi Bureau of Standards kuno ku Blantyre.