Malikisi ochepa a Writing pa ACT asakusowetseni tulo

Achemwali, mukuda nkhawa ndi zotsatira za mwana wanu pa ACT, mayeso olowera kukoleji ku America. Mtima pansi: 6 ya Writing (gawo lolemba nkhani) imene mwana wanu wapeza siingamutsekere khomo la kukoleji, makamaka poti wakhoza 30 pa ACT yonse. Gawo lolemba nkhani limachongedwa palokha, kuyambira 2 mpaka 12, ndipo sililowa m'malikisi aakulu aja a 1 mpaka 36. Makoleji ambiri ku America salifunanso, ndipo College Board, bungwe loyendetsa mayeso ena olowera kukoleji otchedwa SAT, inachotsa gawo lolemba nkhani pa mayesowo mu 2021.

Mwana wa mlongo wanga anapezanso 6, analira usiku wonse, koma anapeza malo kukoleji. Chimene tinalimbikira ndi nkhani yofotokoza za moyo wake yotumiza pamodzi ndi fomu. Anailemba kasanu, ine ndikuchonga ndi bolopeni yofiira patebulo lodyera. Nkhani ya mphindi 40 m'chipinda cha mayeso singafanane ndi imeneyo, ndipo osankha ophunzira amadziwa zimenezi.

Koma samalani ngati akufunikanso kulemba IELTS, mayeso oyesa luso la Chingerezi. Kumeneko mayunivesite ambiri a ku Britain amaika malire pa gawo lililonse, ndiye Writing ikachepa amabwezadi munthu.

Musanalipire mayeso ena, lemberani ofesi yolandira ophunzira pakoleji iliyonse imene akufuna, kapena onanani ndi mlangizi wa EducationUSA, ofesi ya boma la America yolangiza ofuna kukaphunzira kumeneko.