Yambani ndi Paths of Glory, kenako mlatho wa pa Kwai

Achimwene, mwafunsa kuti ndi mafilimu ati a nkhondo a m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 omwe mungaonere limodzi ndi bambo anu, ndipo ambiri pano akutchulirani kale The Guns of Navarone ndi The Great Escape. Sindikutsutsa, ndi okoma ndithu. Koma ine ndikuti yambani ndi awiri amene anatuluka chaka chimodzi, 1957, chifukwa mmenemo mdani woopsa wa msilikali si amene ali tsidya lina, ndi bwana wake yemwe.

Woyamba ndi Paths of Glory, wa Stanley Kubrick, wa zithunzi zakuda ndi zoyera, ndipo sakwana ngakhale ola ndi theka. Nkhani yake ndi ya asilikali a ku France pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mu 1916. Mkulu wa asilikali akuwalamula kukalanda kaphiri komwe Majeremani atchinga kolimba. Iye akudziwa kuti sizingatheke, koma amulonjeza udindo wapamwamba. Anyamata akugwa ngati ntchentche, otsala akukanika kutuluka m'ngalande, bwanayo n'kulamula kuti mizinga yawo yomwe iwaombere. Woyang'anira mizinga akukana, akuti pokhapokha lamulolo libwere lolembedwa. Pofuna kubisa manyazi, mkulu wa asilikali uja akulamula kuti pasankhidwe asilikali atatu oti aimbidwe mlandu wa mantha. Mmodzi akumupeza pochita maere, wina chifukwa anaona zoipa zimene mtsogoleri wake anachita ndiye ayenera kutsekedwa pakamwa. Kirk Douglas, yemwe ndi Colonel Dax, akuwaimira pa mlanduwo, koma chigamulo chinali chitapangidwa kale.

Malo amene amandiwawa kwambiri ndi m'mawa wa tsiku lowaombera. Mmodzi mwa atatuwo wavulala m'mutu, wakomoka, sangathe kuima. Akumumangirira pa machira, n'kuwaimika chilili pa mtengo, wina n'kumutsina tsaya kuti atsegule maso asanamuombere. Mufilimu monsemo simuona msilikali wa Chijeremani ngakhale mmodzi. N'zosadabwitsa kuti ku France anayamba kuionetsa mu 1975.

Wachiwiri ndi The Bridge on the River Kwai wa David Lean, uja wa akaidi a pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse olowa mumsasa wa Majapani akuimba likhweru. Alec Guinness ndi Colonel Nicholson, Mngelezi wouma mutu amene Majapani akumutsekera m'kabokosi ka malata padzuwa chifukwa chokana kuti maofesala agwire ntchito ya manja. Pamenepo mumamuchemerera. Koma atapambana akusintha: akufuna kuwaonetsa Majapani kuti Angelezi amamanga bwanji, ndiye akuwamangira mlatho wolimba kuposa umene akanamanga okha, mpaka kukadzutsa odwala kuti akathandize. Ndipo anzake atabwera mobisa kudzauphulitsa, iye yemweyo ndi amene akuona waya wa mabomba n'kuwaulula. Munthu wolimba mtima, wachilungamo, koma kunyada kwamufikitsa potumikira mdani. Filimuyi inajambulidwa ku Ceylon, komwe lero ndi Sri Lanka, anamangadi mlatho n'kuugwetsa pamodzi ndi sitima yeniyeni, ndipo inapata mphotho 7 za mafilimu za Oscar.

Komabe mukamaonera dziwani zimene yasiya. Njanji yeniyeni imene ankaimangira mlathowo, ya makilomita 415 kuchokera ku Thailand kukafika ku Burma, inamangidwa mu 1942 ndi 1943. Akaidi a nkhondo oposa 12,000 anafera pamenepo, koma anthu wamba a ku Asia amene anakakamizidwa kugwira ntchitoyo anafa ochuluka koposa, pafupifupi 90,000, ndipo filimuyi sikuwalabadira. Izi zimandikhudza chifukwa nkhondo ya ku Burma ndi yathunso. Anyamata a ku Nyasaland a m'gulu la King's African Rifles, a Keyala aja, anamenya nkhondo kumeneko mu 1944, m'chigwa cha Kabaw, m'nyengo ya mvula, matope ndi malungo zili ponseponse. Mungaonere mafilimu a nthawi imeneyo mpaka maso kufiira osawapeza. Mwa ochepa amene anapatsa msilikali wa mu Africa malo aulemu ndi Sahara wa 1943, wa Humphrey Bogart, momwe Rex Ingram ndi sajeni wa ku Sudan. Mwina bambo anu akudziwa agogo ena kumudzi omwe anapitako. Afunseni filimu ikatha.

Za The Great Escape wa 1963 ndinene mwachidule. Kuthawa kwa akaidi a nkhondo kwa mufilimuyi kunachitikadi mu Marichi 1944 ku msasa wa Majeremani wa Stalag Luft III: anatuluka 76, atatu okha ndi amene sanagwidwenso, ndipo 50 anaphedwa ndi a Gestapo, apolisi achinsinsi a ku Germany. Koma zija za Steve McQueen kudumpha mpanda pa njinga yamoto n'zongowonjezera kuti anthu asangalale.

Ngati mpata ulipo, onjezani Ballad of a Soldier wa ku Soviet Union, wa 1959. Mnyamata wa zaka 19 waphulitsa akasinja awiri, m'malo mwa mendulo akupempha tchuthi kuti akakonze denga la nyumba ya mayi ake. Akumupatsa masiku 6, koma onse akuthera m'njira kuthandiza anthu, mayi akewo n'kuwaona mphindi zochepa chabe m'mbali mwa msewu. Ameneyu ndi wa Chirasha, choncho pezani wokhala ndi mawu olembedwa pansi, muziwawerengera bambo ngati maso akuwavuta. Wa Kwai ndi wautali, pafupifupi maola atatu, mumuikire Loweruka masana.