Chinzonono cha kukhosi ndi mankhwala amene akuchepa mphamvu

Bambo wina wa ku Monkey Bay wandilembera imelo. Akuti anabayidwa jakisoni wa chinzonono ndipo mafinya anasiya kutuluka, koma wamva kuti matendawa amabisala kukhosi komanso kuti mankhwala ake akuchepa mphamvu, choncho akufuna kudziwa ngati izi n'zoona ndiponso ngati alipo amene akuzilondoloza.

Bambo, zonse ziwirizo n'zoona, ndipo zimayendera limodzi. Tizilombo ta chinzonono, totchedwa Neisseria gonorrhoeae, timakhala m'njira ya mkodzo, pakhomo la chiberekero, kotulukira chimbudzi kapena kukhosi, malinga ndi mmene anthu agonanirana. Tikakhala m'njira ya mkodzo ya mwamuna, mafinya ndi ululu pokodza zimamuthamangitsira kuchipatala, koma tikakhala kukhosi nthawi zambiri munthu samva kanthu, ndipo amapatsira ena osadziwa. Kukhosiko mankhwala safika ndi mphamvu yokwanira ngati kumalo enawo, komanso kumakhala kale mitundu ina ya Neisseria yosadwalitsa, imene imagawirako tizilombo ta chinzonono chibadwa chopirira mankhwala. N'chifukwa chake mtundu wa tizilombo ta chinzonono wotchedwa H041, umene unadziwika chifukwa chosamva jakisoni wa ceftriaxone, unapezeka kukhosi kwa mayi wina ku Kyoto, m'dziko la Japan, mu 2009.

Ife a ku Malawi nkhaniyi ikutikhudza mwapadera, chifukwa kuyambira mu 1993 dziko lathu linadalira jakisoni wa gentamicin kwa zaka zambiri. Kafukufuku wa ku England wofalitsidwa mu 2019 anayerekeza gentamicin ndi ceftriaxone, onse operekedwa pamodzi ndi mankhwala akumwa a azithromycin, ndipo anapeza kuti gentamicin anachiza anthu 94 pa 100 alionse amene matenda anali kumaliseche, koma 80 okha pa 100 amene anali nawo kukhosi, pamene ceftriaxone anachiza 96 pa 100 kukhosiko. Kuuma kwa mafinya, tsono, si umboni wakuti thupi lonse layera.

Kulondoloza kulipo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lili ndi ndondomeko yolondoloza kupirira mankhwala kwa tizilombo ta chinzonono yotchedwa EGASP, imene inayambira ku Thailand mu 2015, ndipo Malawi ikutengako mbali kudzera ku Lilongwe. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ntchito yotereyi imadalira kwambiri amuna obwera okha ndi mafinya, pamene amayi, kukhosi ndi kotulukira chimbudzi zimatsalira kumbuyo. Chifukwa chake n'chomveka: kuti akatswiri adziwe mankhwala amene tizilombo tikuwamvabe, ayenera kutimeretsa tamoyo mu labotale, koma timafa msanga tikatuluka m'thupi, makamaka paulendo wautali m'nyengo yotentha ngati ya kwathu kuno, ndipo kukhosi n'kovuta kutipatula kwa tizilombo tinzake. Zipatala zathu zambiri zimapereka mankhwala potengera zizindikiro zokha, njira imene yathandiza anthu ambiri koma singaone matenda opanda chizindikiro. Ine ndikuona kuti boma ngati la Mangochi, kumene asodzi ndi ogula nsomba amasamuka doko ndi doko kuchokera ku Makanjira mpaka ku Malembo, ndipo ena amalowa ndi kutuluka pachipata cha Chiponde, liyenera kukhala m'gulu la malo oyezedwa, ndipo kuyezako kusathere pa mafinya a amuna.

Kwa inu, bambo, ngati panali kugonana kwa m'kamwa kapena kumbuyo, bwererani mukawauze adokotala mosabisa, ndipo mukafunse dzina la jakisoni amene munabayidwa, pakuti malangizo a WHO masiku ano amaika ceftriaxone patsogolo. Amene munagona nawo akalandirenso chithandizo ngakhale sakumva kupweteka kulikonse, ndipo mudikire masiku 7 nonse mutalandira mankhwala musanagonanenso. Makapisozi ogula pagolosale muwapewe, chifukwa mlingo wosakwanira umapha tizilombo tofooka n'kusiya tolimba.