Funsani Anamwino: Tiyi wa detox angatsukedi chiwindi changa?

FUNSO

Zikomo Anamwino. Ndine mayi wa zaka 34, ndimakhala ku Ndirande. Chaka chino msambo wanga wasokonekera, mwezi wina kubwera kawiri wina osabwera, komanso ndikumangotopa. Mnzanga wa ku banki m'khonde akuti ndi makemikolo a m'mapulasitiki amene akusokoneza mahomoni, ndiye akundigulitsa tiyi wa detox wochokera ku Joni, muli milk thistle, dandelion ndi zina zoti sanalembe. Akuti masabata awiri okha chiwindi chiyera mbee. Ndigule? Ndili pa ma ARV.

Mayi wodandaula, Blantyre

YANKHO

Achemwali, ndalamazo zisungeni kaye, musagule.

Za makemikolo mnzanuyo sananame. Alipodi, ngati BPA ndi ma phthalates a m'mapulasitiki ena, amene akalowa m'thupi amatha kunamizira kapena kutsekereza mahomoni, moti ku EU (mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya) analetsa BPA m'mabotolo oyamwitsira ana mu 2011. Koma pomwe wasochera ndi poganiza kuti chiwindi chili ngati sefa ya thobwa yoti imadzaza misere nkumafunika kuchapa. Ayi. Chiwindi ndiye mwini ntchito yotsukayo, chimaphwanya poizoni usana ndi usiku nkumutumiza ku impso kapena ku ndulu kuti atuluke, ndipo BPA yambiri imene yalowa lero pofika mawa imakhala yatuluka kale ndi mkodzo, tiyi osamwa ndi dontho lomwe. Makemikolo ena ndi amakani, ma dioxin, poizoni wopezeka mu utsi wa zinyalala zootchedwa, amakakhala m'mafuta a m'thupi ndipo a WHO amati pamatenga zaka 7 mpaka 11 kuti theka lokha lichoke. Amenewo palibe kapu ya tiyi ingawazule m'masabata awiri.

Milk thistle madokotala anamuyesa kangapo kwa odwala chiwindi koma phindu lake silinaoneke bwinobwino, komanso silymarin, mankhwala a m'chitsambachi amene amatamidwawo, sasungunuka bwino m'madzi, ndiye mu tiyi mumangolowa pang'ono zedi. Tiyi ambiri a detox amaikamo senna, mankhwala otsegula m'mimba, munthu ukathamangira kuchimbudzi katatu umaona ngati zoipa zikutuluka pomwe ukungotaya madzi ndi mchere.

Chandiopsa kwambiri m'kalata yanu ndi mawu akuti "zina zoti sanalembe" pamodzi ndi ma ARV. Ma ARV amadutsa m'chiwindi momwemo. Pali chitsamba chotchedwa St John's wort chimene chimachepetsa mphamvu ya ma ARV ena ngakhalenso mapilitsi olera, pali comfrey ndi kava zimene zinavulazapo ziwindi za anthu, ngakhale green tea weniweniyu akamuika m'makapisozi amphamvu anthu ena anachita naye chikasu. Chinthu choti simukudziwa muli chiyani chonde chisalowe mkamwa mwanu musanafunse ku kiliniki komwe mumalandira mankhwala.

Sindikudana ndi tiyi ayi. Jinja, lemon grass, chidede, rooibos, imwani kapu imodzi kapena ziwiri mukondwe, makamaka ngati zikulowa mmalo mwa zakumwa za shuga wambiri, poti shuga ameneyo ndi amene amaunjika mafuta pachiwindi. Koma muzimwa ngati tiyi basi.

Mukafuna kuthana ndi makemikolowo atsekereni pakhomo. Ambirife timayatsa mbaula ndi jumbo kapena botolo lapulasitiki, utsi umenewo ndi umodzi mwa magwero a dioxin ndipo timauuzira nkhope ili pompo mwana ali kumsana. Timavundikira mpunga ndi jumbo kuti upse bwino, tchipisi chamoto kuchokera pachiwaya nkulowa mu jumbo, phala la mwana lowira kulithira mukontena yakale ya majarini. Kutentha ndi mafuta ndi zimene zimakoka makemikolo kuchoka mupulasitiki kulowa mu chakudya, ndiye chamoto chiziikidwa mu mbale yachitsulo, yadothi kapena yagalasi. Chigubu chimene munali mankhwala a m'munda chisasanduke chotungira madzi ngakhale mutachitsuka kakhumi. Mafuta oyeretsa khungu nawonso samalani nawo, ena muli mercury ndi ma steroid.

Ndipo adani enieni a chiwindi kwathu kuno sitiwatchula kawirikawiri. Chuku cha mu mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumupha, mtedza wofwifwa kapena wowawa uja tayani, osausinja nsinjiro poopa kuluza. Kenako mowa, makamaka kachasu. Panado naye, munthu wamkulu asapyole mapilitsi 8 a 500mg patsiku. Komanso Hepatitis B, amene amadya chiwindi mwakachetechete zaka zambiri. Katemera wake analowa m'ndondomeko ya ana ku Malawi mu 2002, inu munabadwa zisanayambe, ndiye funsani ngati anakuyezanipo.

Za msambo ndi kutopazo musazisiyire tiyi. Zitha kukhala njira yolera imene muli nayo monga jakisoni kapena implant, kuchepa magazi, chithokomiro, nkhawa, ngakhale mimba. Tsiku lokalandira mankhwala likafika mukawauze zonse monga mwandilemberamu, akuyezeni mimba, magazi ndi chiwindi, ndipo mnzanuyo akubwerekeni paketi imodzi mukawaonetse. Mukaona maso achita chikasu kapena mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka musadikire tsikulo, pitani tsiku lomwelo.