Pamene pulogalamu ikulemba lamulo lolakwika posintha zilembo za database

Bambo wina amene amasunga mayina a alimi a nshawa a gulu lina kuno ku Chipata wandilembera imelo yodandaula kuti atasankha gulu la zilembo lotchedwa utf8mb4 m'pulogalamu yoyendetsera MySQL, database (nkhokwe ya pakompyuta) imene amasungamo mayinawo, seva ya MySQL inakana lamulo limene pulogalamuyo inadzilembera yokha ndipo inatulutsa vuto nambala 1253. Chimene chinawachititsa kusintha n'chakuti mawu oti "Cheŵa" ankaoneka ngati "Che?a", chifukwa latin1, gulu la zilembo limene ankagwiritsa ntchito kale, ilibe chilembo cha ŵ.

Bambo, simunalakwitse kanthu. Mapulogalamu ena akasintha gulu la zilembo amasiya collation yakale, yomwe ndi lamulo losanja ndi kuyerekezera zilembo, motero amalumikiza utf8mb4 ndi latin1_swedish_ci, collation ya latin1, zinthu ziwiri zimene sizingayendere limodzi. Musanadine batani lotumiza, onani kaye SQL (lamulo lopita ku database) imene pulogalamuyo yakonza, ndipo ngati yasokonekera, lembani nokha kuti ALTER TABLE alimi CONVERT TO CHARACTER SET utf8mb4 COLLATE utf8mb4_unicode_ci. Mawu oti CONVERT TO musawasiye, pakuti DEFAULT CHARACTER SET imangokhudza makolamu amene mudzawonjezere mtsogolo, akale aja n'kutsala mmene analili.

Sindikukulimbikitsani collation ya utf8mb4_0900_ai_ci, ngakhale kuti ndi imene MySQL 8.0 ya mu 2018 imasankha yokha, chifukwa MySQL 5.7 ndiponso MariaDB yakale (database ina yofanana ndi MySQL) siziidziwa, ndipo tsiku lodzasamutsa deta mudzakumana ndi vuto 1273, lonena kuti collation imeneyo siikudziwika.

Koma pali msampha umene ndimauopa kwambiri kuposa zonsezi. Musanasinthe chilichonse, fufuzani ngati m'mayina ena mukuoneka "CheÅµa". Zimenezi zikutanthauza kuti mabayiti (manambala amene kompyuta imasungiramo zilembo) a UTF-8, njira imene utf8mb4 imalembera zilembo, analowa kale m'kolamu ya latin1, ndipo CONVERT TO ingowapotoza kachiwiri. Kolamu yotereyi iyambe yasinthidwa kukhala BLOB, mtundu wa kolamu wosunga mabayiti mmene alili, kenako ibwezedwe kukhala ya mawu ndi utf8mb4. Mayina amene ali ndi chizindikiro cha funso aja ndiye anatayika kale, ndipo muyenera kuwalembanso kuchokera m'mabuku a gulu.

Ine ndinaphunzira movutikira, nditawononga mayina a mamembala a ku Katete ndi ku Chadiza madzulo ena ndilibe kope lina. Choncho yambani ndi mysqldump, pulogalamu yokopera database m'fayilo, musunge fayiloyo pa flash, muyesere lamulolo pa kope la tebulo, ndipo magetsi akakhala osadalirika tsiku limenelo, dikirani mawa.