Za ESP32 yokana kulandira pulogalamuyo

Achimwene, mwati mukadina Upload mu Arduino IDE, ESP32 yanu, kabodi ka kompyuta kokhala ndi WiFi kaja, ikungolemba Connecting ndi timadontho kenako n'kugwa ndi "Failed to connect to ESP32", ndipo mukufuna iziwerenga kutentha ndi chinyezi m'khola la anapiye kudzera pa sensa ya BME280. Khodiyo isiyeni kaye. Siinafike n'komwe pa bodi, ndiye mlandu ilibe.

Zulani mawaya onse a sensa, bodi itsale ndi chingwe cha USB chokha. Chingwecho ndiye ndimayamba kuchikayikira. Zambiri zapamsika n'zotchajira foni basi, mawaya a data mulibe. Kanyali ka pa bodi kamayaka ndithu, inu n'kumati zili bwino, pamene kompyuta siikuona kanthu. Ine ndinagonapo mochedwa ndikutukwana bodi yabwinobwino chifukwa cha chingwe chotere. Pa Windows tsegulani Device Manager, yang'anani pa Ports, muzule chingwe n'kubwezeranso. COM, dzina la doko la bodi pa kompyuta, imene ikusowa n'kubwerayo ndiyo yanu. Ngati mukungoona COM1, imeneyo si bodi ayi.

Ngati chingwe n'chabwino koma doko silikutuluka, werengani kachipu kamene kali pafupi ndi polowetsa USB. Kawirikawiri kamakhala CP2102 kapena CH340, ndipo kalikonse kali ndi dalaiva yake, kapulogalamu kothandiza kompyuta kukazindikira. Pa Ubuntu dalaiva ilimo kale, bodi imaoneka ngati /dev/ttyUSB0, koma mudzilowetse m'gulu la dialout, mutuluke n'kulowanso. Pa Ubuntu 22.04 pali kapulogalamu ka brltty komwe kamalanda CH340, kachotseni ngati simukagwiritsa ntchito.

Tsopano batani la BOOT. ESP32 imalandira pulogalamu pokhapokha pini ya GPIO0 ikhale pansi, kutanthauza yolumikizidwa ku GND, panthawi yoyaka, ndipo batanili limachita zomwezo. Bodi imayenera kuchita zimenezi yokha, koma zotchipazi zambiri zimalephera. Mukangoona Connecting, gwirani BOOT osasiya mpaka maperesenti ayambe kuyenda. Mukatopa nazo, ikani capacitor ya 10µF pakati pa mapini a EN ndi GND. Pulogalamu ikamadukira panjira, tsitsani Upload Speed kuchoka pa 921600 kufika pa 115200. China: pa GPIO12 musamangepo chinthu choikokera m'mwamba, ku 3.3V, chifukwa bodi ikayaka choncho imapatsa flash, kachipu kosunga pulogalamu, 1.8V m'malo mwa 3.3V, bodi n'kukhala ngati yafa.

Pulogalamu ikalowa, tsegulani Serial Monitor, windo la mu Arduino IDE loonetsa zimene bodi ikulemba, pa 115200, dinani batani la EN. Mukaona zilembo zamisala ndiye kuti liwiro silikufanana ndi la mu Serial.begin. Mukaona "Brownout detector was triggered", magetsi akuchepa WiFi ikamayaka. Pezani chingwe chachifupi chonenepa, musadutsire pa hub.

Pamenepo ndiye bwezerani sensa: 3V3, GND, SDA pa GPIO21, SCL pa GPIO22. Musanaike laibulale iliyonse, thamangitsani I2C scanner, kapulogalamu kofufuza zida zolumikizidwa pa SDA ndi SCL. Scanner iyenera kupeza adiresi ya sensa, 0x76 kapena 0x77. Ambiri amagwera apa, chifukwa laibulale ya Adafruit imafunafuna 0x77 pomwe timabodi totchipa tambiri tili pa 0x76. Lembani bme.begin(0x76) basi. Scanner ikapanda kupeza chilichonse, mwina mwasinthanitsa SDA ndi SCL, kapena mapini simunawotcherere, mwangowalowetsa m'mabowo.

Adiresi ikapezeka koma laibulale n'kumakanabe, mwina anakugulitsani BMP280, mphwake amene amayeza kutentha ndi mphamvu ya mpweya koma chinyezi sayeza. Werengani register 0xD0, pamene sensa imasunga nambala yoizindikiritsa: BME280 imayankha 0x60, BMP280 imayankha 0x58. Ngakhale ndi maso zimaoneka, kachitsulo ka BME280 mbali zake n'zofanana, ka BMP280 n'kotalikirapo mbali imodzi.

M'kholamo sensa musaiphatike pa ESP32, bodiyo imafunda ndipo izikunamizani kutentha. Ikhale patali pang'ono, pamsinkhu wa anapiye, kutali ndi mbaula. Zikakanikabe, jambulani kachipu ka pa USB kaja ndi mizere yoyamba ya Serial Monitor, muponye pagulu pano tione.