Uvolontiya wa pa gallery, ndipite kapena mayi akunena zoona?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Blantyre, analemba MSCE chaka chatha ndipo amajambula ndi pensulo komanso penti. Akuti pa gallery ina, malo oonetsera ndi kugulitsa zojambula, amuuza kuti azibwera Loweruka lililonse ngati volontiya mu gulu la achinyamata, koma mayi ake akuti ntchito yopanda malipiro ndi ya kutchalitchi basi. Ndiye akufunsa kuti apite kaya asiye.

Mng'ono wanga, pita, koma ukakhale tcheru.

Inenso ndinayamba choncho pa gallery ina yake, dzina sinditchula. Miyezi itatu yoyamba ntchito yanga inali kunyamula mipando, kupukuta magalasi ndi kugawa zakumwa tsiku lotsegulira chionetsero, pa posita analemba mochita kunenepetsa kuti ndi pulogalamu yotsogoleredwa ndi achinyamata koma zithunzi zonse anasankha ndi abwana, ife ankangotikumbukira kamera ikabwera kuti opereka thandizo aja aone nkhope zathu. Zinkandinyasa kobasi.

Chomwe chinandisunga ndi abambo ena achikulire omwe ankapachika zithunzi, pensulo pakhutu, tepi m'thumba, osayankhulayankhula. Iwowo ndi amene anandiphunzitsa kuti pakati pa chithunzi pazikhala pofanana ndi maso a munthu, cha m'ma sentimita 150 kuchokera pansi, kuti chithunzi chachikulu chimafuna misomali iwiri osati umodzi, ndipo usamakhulupirire diso lako, ika levulo. Tsiku lina ndangodya mandasi nkuthamangira kukagwira chojambula cha papepala, anangondigwira dzanja nkuti "mwanawe, kasambe kaye, mafuta akalowa apa ndiye alowa mpaka kalekale." Kumenekonso nkomwe ndinadziwira kuti chithunzi chikagulidwa gallery imadulapo yake, kwina mpaka theka, ndiye poika mtengo uziwerengera zimenezo. Izi palibe amene akakuuze uli kunyumba ukungoposta pa Facebook nkumadikira ma like.

Ndiye ukafika funso lako likhale limodzi, kodi amasankha ndani? Zopachika, mutu wa chionetsero, oitanidwa, ndalama ipite pati. Ku London, a gallery yaikulu yotchedwa Tate ali ndi gulu la Tate Collective, wa zaka 16 mpaka 25 amalowa m'gululi ulere nkumagula tikiti ya chionetsero pa £5, koma chondisangalatsa ine si mtengowo ayi, ndi choti pali kagulu ka achinyamata kotchedwa Tate Collective Producers komwe kamakonza kokha zochitika, ngakhale zamadzulo zija za Late at Tate Britain. Anawapatsa makiyi enieni. Ngati kwanuko miyezi ikupita iwe ukadali pa mipando yomweyo, tenga zomwe waphunzira uzipita.

Ndipo usaganize kuti mpaka udikire chilolezo cha winawake. Tumaini Festival ya ku kampu ya Dzaleka ku Dowa inayamba mu 2014 ndi Menes la Plume, mlakatuli wothawa kwawo ku Congo, lero anthu amachoka ku Lilongwe ndi kutali konse kukaonera, polowa osalipira. Anzako asanu, khoma la holo ya sukulu ndi hamala, chionetsero chatheka.

Uzionanso za ena. Uli mu Blantyre momwemo, kalowe ku gallery ya La Caverna mu Mandala House, nyumba ya 1882 ija, ukaone m'mene amayalira zinthu. Ukapeza ya basi ufike ku Mua ku Dedza, pa Kungoni, malo a luso ndi chikhalidwe omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, pali osemasema ambiri omwe anaphunzirira pomwepo, ndipo mu Chamare Museum muli zigoba za Gule Wamkulu zopitirira 400, mutu umachita kuzungulira.

Koma mayiwo usawanyoze, pena akunena zoona, minibasi sakwera ndi luso. Tsiku loyamba lomwelo ufunse mwaulemu ngati ya transipoti ndi nkhomaliro ilipo, mugwirizane maola, komanso akulonjeze kalata yaumboni pomaliza. Ine ndinachita manyazi kufunsa, mapeto ake ndinkabwerera wapansi dzuwa lili pamutu ndi kachikwama ka mapensulo kumsana. Chionetsero chanu choyamba chikatheka mayiwo uwatenge, uwaimike pa chithunzi chomwe wapachika wekha, ndipo unditumizireko kafoto ndione ngati chili chowongoka.